Mapiritsi Amene Tinagawa Pawiri

Amene ananyamula mapiritsiwo kuchoka ku Moatize kupita nawo ku Zobue ndine, ndipo sindinanyamule kamodzi. Ndinkawamanga pamfundo ya kapulana, chitenje changa, n'kuibisa m'chiuno, kenako n'kukwera lole ya amalonda ndili wonyada ngati ndanyamula mpamba wa mudzi wonse. Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke wondinena kuti ndikudziyeretsa. Mbali yanga ndikuidziwa. Koma pali ena amene mbali yawo sanaivomerepo, ndipo ngakhale onsewo anagona kale, ine mtima wanga sunaphwe.

Ndinakwatiwa njanji itangofika kumene ku Moatize. Amuna anga anali a kwathu komweko ku Zobue, mudzi wawo ndi wathu kungooloka kamtsinje. Anali munthu wamtali, wofatsa mopitirira muyeso, woti mbuzi ya eni ikawadyera chimanga ankayamba afunsa kaye ngati mwini mbuziyo wadzuka bwino. Ine ndinabadwa wapakamwa, ndipo amayi anga ankati Mulungu anachita dala kutiphatikiza kuti nyumba isapse. Amunawo anatsikira ku mgodi wa malasha kukagwira ntchito, ndipo patatha chaka anadzanditenga.

Munthu wa kumapiri ukafika ku Moatize, tsiku loyamba umayesa wadwala malungo, osadziwa kuti ndi mmene dzuwa la kumeneko limakhalira. Tinkakhala m'nyumba za kampani zondandalikana ngati makola, ndipo chilichonse chinali chakuda: zovala pachingwe, mphuno za ana, ngakhale nkhuku zimene zinaswedwa zoyera. Amuna onse a m'mizere imeneyo ankatsokomola. M'mawa mizere yonse inkangomveka khokhokho, ndiye chifuwa palibe amene ankachiopa. Ichi n'chifukwa chake cha amuna anga ndinachedwa kuchizindikira. Ndinawaona akuboola mabowo atsopano pa lamba, ndinaona mphasa ikudzuka yonyowa ndi thukuta, koma ndinkati ndi kutentha. Ndinadzidzimuka tsiku limene ndinkachapa kumtsinje n'kupeza magazi pakansalu kawo kopukutira pakamwa. Nthawi imeneyo n'kuti mwana wathu wamkazi akuyamba kumene kuyenda.

Kampani inali ndi kachipatala kake, nyumba ya khonde lalitali. Dotolo wachizungu ankabwera kawiri pasabata, koma amene tinkamuona tsiku ndi tsiku anali munthu wakuda mnzathu, Mnyungwe, wobaya jakisoni ndi kugawa mankhwala, amene tinkamutcha enferimeru. Anali wophunzira, wa malaya oyera mbee, ndipo ankayenda pakati pathu atakweza mphuno ngati ife ndife fumbi la malashalo. Iyeyo ndiye anati amuna anga ali ndi chifuwa chachikulu. Anawagoneka n'kumawabaya jakisoni tsiku lililonse kwa mwezi ndi masabata, ndipo ndinene zoona, mankhwala amenewo anali amphamvu. Munthu amene ndinkamugwirira popita kuseri anayamba kupempha chakudya chowonjezera. Atangoimirira bwinobwino, kapatazi, kapitawo wa kumgodi, anatuma mawu kuti akufuna manja awo, jakisoni n'kuthera pomwepo. M'malo mwake a kuchipatala anayamba kutipatsa timapiritsi toyera m'kapepala, ta masabata awiriawiri. Malangizo onse amene tinalandira anali akuti amwe.

Tili m'kati mosangalala, dalaivala wa lole anabwera ndi uthenga wochokera kumudzi wakuti alamu anga akutsokomola magazi. Alamu angawo anali mlongo wawo wa amuna anga, yekhayo wa bere limodzi, mayi wamasiye wa ana atatu. Amalume awo onse anali atatha, ndiye mwini mbumba anali amuna angawo. Lamulungu lotsatira anakwera kukawaona n'kubwerako. M'mawa mwake anavala malaya awo a kutchalitchi n'kupita kwa enferimeru kukapempha kuti abweretse mlongo wawo adzalandire mankhwala.

Anawabweza pakhonde pomwepo. Lamulo la kampani linkati mankhwala ndi a wantchito, mkazi wake ndi ana ake, chifukwa amenewo ndiwo banja lake. Mlongo, ati, si banja. Mawu amenewo mpaka lero amandiyabwa m'makutu. Kwathu mkazi ndi mlendo, akhoza kumanga katundu n'kubwerera kwawo. Ana a mwamuna ali ndi malume wawo kwina. Koma mlongo wako ndiye magazi ako, ana ake ndiwo ako, akalira amalirira iwe, ndipo ukafa amene amakuika ndi iwowo. Azungu anabwera ndi banja lawo la papepala n'kulikhoma pakhomo la chipatala, ndipo munthu wakuda mnzathu, amene nayenso anali ndi alongo ake kwinakwake m'mbali mwa Zambezi, ankaliwerenga mokweza ngati analemba ndi iye.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, amuna anga anakhala pamphasa kuseri kwa nyumba n'kukhuthula timapiritsi tonse. Anatigawa milu iwiri, kamodzi uku kamodzi uko, mmene timagawira nyama ya mbuzi pakati pa mabanja awiri kuti pasakhale wodandaula.

"Ine ndachira kale, awa ndikungomwera ulemu," anatero. "Ndingameze bwanji onsewa mlongo wanga akulavula magazi?"

Sindinawatsutse. Ndinene poyera, akanameza onse okha ndikanawanyoza mumtima. Tinaleredwa kuti chakudya chikachepa mumachepetsa nthongo, simuthamangitsa m'bale wanu pambale. Mchere tinkagawana, mbewu tinkagawana, mankhwala a zitsamba mphika umodzi unkamwetsa nyumba zitatu. Palibe chimene tinkachidziwa padziko chimene chimasanduka poizoni chifukwa chakuti mwagawana.

Komabe kamtima kena kanandigwira. Tsiku lokatenga kapepala kotsatira ndinapita ndine, mwana kumsana, ndipo nditafika kutsogolo kwa mzere ndinafunsa. Za alamu anga sindikanatchula, chifukwa akanatilanda ndi ochepa omwewo. Ndinangofunsa kuti kodi munthu atamamwa theka, kapena kudumphitsa tsiku, chingachitike n'chiyani. Ndinafunsa mwaulemu, nditagwada, m'Chinyungwe changa chothyokathyoka. Enferimeru sanadzutse n'komwe mutu pa zimene ankalemba.

"Iye amwe basi. Lekani kubvunza bzizinji, mai."

Ndiko kuti ndileke kufunsa zambiri. Anakodola wotsatira, ine n'kudzuka. Anthu amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndipo phulalo ndinadyabe. Pobwerera ndinkadziuza kuti chikanakhala choopsa akanandikalipira, poti kukalipa ndiye ankakutha.

Ndiye maulendo anayamba. Mwezi uliwonse ndinkakwera lole yopita kumalire, kukhala pamwamba pa matumba a mchere, milambe ikuchepa m'mbali mwa msewu mpaka mphepo ya kumapiri kuyamba kundilowa m'makutu. Ndikafika ndinkamasula mfundo ija n'kuwawerengera alamu anga m'dzanja. Ndipo anayamba kuchira. Ulendo wachiwiri ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde, wachitatu anali atapita okha kumadzi. Amayi a m'mudzimo ankandilandira ndi nthungululu, kunditcha mkazi wa mtima, ati mkazi wina akanabisa mankhwala onse kuti achize mwamuna wake yekha. Ndinkabwerera ku Moatize ndi nthochi ndi ufa, mutu utakula. Amuna anga nawo ankalowa mumgodi tsiku lililonse, akutsokomola pang'ono chabe ngati anzawo onse. Kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba tinkadziona ngati anthu amene apusitsa kampani ndi imfa yomwe.

Chifuwa chinabwerera chimanga chikumasula ngaiyaye. Chinabwera mwaukali kuposa poyamba. Amuna anga anasiya kugawa n'kuyamba kumwa mapiritsi onse monga anawalembera, koma zinali ngati akumeza timiyala. Anawagonekanso, kuwabayanso jakisoni yemwe uja anawadzutsa chaka chapitacho. Anagwirako masabata awiri, kenako nayenso analeka kugwira. Uthenga wochokera kumudzi unali womwewo, alamu anga anali atagonanso.

Tsiku lina dotolo wachizungu anatiitanitsa tonse awiri m'chipinda chake. Anali atapimitsa makhololo a amuna anga, ndipo anafunsa kudzera mwa enferimeru ngati mapiritsi ankamwa onse. Ine ndinali nditakonzeka kunama. Koma amuna anga bodza linkawakanika ngakhale la nthabwala, ndiye anafotokoza zonse, za mlongo wawo, za milu iwiri, za maulendo anga. Dotoloyo anafiira mpaka m'khosi. Anamenya tebulo n'kulankhula Chipwitikizi chambirimbiri, osayang'ana ife koma enferimeru, ngati ife ndi mipando. Enferimeru sanamasulire chilichonse. Koma ine ndinali nditakhala ku Moatize zaka zokwanira kudziwa mawu akuti buru, kunena bulu, chifukwa ndi amene kapatazi ankaitanira anthu. Amuna anga anangoweramitsa mutu. Iwo ankayesa mzunguyo wakwiya chifukwa tapatsa munthu wakunja mankhwala a kampani, ndipo anapepesa kawiri. Kenako anawabwezera kukagona.

Ine sindinachoke. Ndinakhala pansi pa mtengo wa masau umene unali kuseri kwa chipatalacho mpaka enferimeru anatuluka masana kukadya. Ndinamuimirira panjira. Ulendo uno sindinagwade. Ndinamuuza kuti ngati ndine bulu andiuze chimene ndalakwa, chifukwa ngakhale bulu akamamenyedwa amaonetsedwa njira. Kaya anaona chiyani pankhope panga, koma anaima, n'kuyamba kulankhula Chinyanja chomveka bwino, chimene zaka zonsezo ankachita ngati sachidziwa.

Anati chifuwa chachikulu chimabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo m'chifuwa cha munthu mmodzi timakhalamo tochuluka kuposa mchenga. Tonseto ndi ta mtundu umodzi, koma sitifanana. Tikamaswana, tina timabadwa tofewa, mankhwala akangotikhudza timafa. Tina timabisala m'makona n'kukhala ngati tagona, osadya, mankhwala n'kudutsa osatipeza. Ndiye pagulu lonselo pamapezeka towerengeka tobadwa tolimba, toti mankhwalawo satiluma kwenikweni. Munthu akamwa mankhwala okwanira, a mitundu iwiri pamodzi, kwa miyezi yambiri osadumphitsa, totsala mtundu uwu timaphedwa ndi mtundu winawo, ndipo thupi limamaliza lokha. Koma akamwa theka, timafa ndi tofewa tokha. Munthu amadzimva kuti wachira, pamene tolimba tija tapeza malo onse ndi chakudya chonse, n'kuyamba kuswana popanda wotipinga. Pofika tsopano, anatero, m'chifuwa cha amuna anga munali zidzukulu za tolimbato zokhazokha, ndipo mankhwala amene kampani inali nawo sakanathanso kanthu. Cha alamu anga chinali chimodzimodzi. Anawonjezera kuti mwana ndimutalikitse, chifukwa akatengera atengera tolimbato.

Mawu onsewa sanathe ndi nthawi yotunga ndowa imodzi pachitsime. Ndipo ndinawamva onse ulendo umodzi, osafunsanso kachiwiri. Ndikanalephera bwanji kuwamva? Ine ndinakula ndikusankha mbewu ndi amayi anga. Chaka cha chilala tinkayenda m'munda kufunafuna mapesi ochepa amene apirira pamene ena onse apsa, n'kusunga ngala zake, chifukwa tinkadziwa kuti ana ake adzapiriranso. Mayi aliyense wa ku Zobue ankadziwa zimenezo asanaone khomo la sukulu. Ndiye kuti miyezi yonse ija, ndi milu yathu iwiri ija, ife tinkasankhira matenda mbewu, ndipo ine ndinkakwera lole kukaifesa m'munda wachiwiri.

Ndinamufunsa ngati zimenezi ankazidziwa tsiku lija ndinagwada kutsogolo kwa mzere. Anati ankazidziwa. Ndinamufunsa chimene sanandiuzire.

"Dotolo amati tisataye nthawi kufotokozera anthu a m'mizere, sangamve. Komanso mzere unali wautali, mai."

Mzere unali wautali. Ndakhala ndi mawu amenewa zaka zonsezi, ndawatembenuza mbali zonse, ndipo sindinapezepo pogwira poti ndimukhululukire. Wakutsina khutu ndiye mnansi, ndipo munthu uyu anali ndi khutu langa m'manja mwake, ine nditalipereka ndekha. Sindinkapempha mankhwala owonjezera, sindinkapempha kuti aphwanye lamulo la azungu ake. Ndinkapempha mawu, chinthu chimene sichinkachokera ku Ulaya pa sitima, chimene sichikanatha m'kabati. Anatipatsa chinthu champhamvu chotere m'kapepala ngati akupatsa nkhuku chimanga, ndiye titachigwiritsa ntchito monga anthu oleredwa bwino, iwo omwewo n'kutitcha abulu. Zimene ndinamuyankha pansi pa msau paja sindingazilembe pano. Ndikukumbuka kuti amayi ogulitsa nsomba pamsewu anasiya malonda n'kuima kumvetsera, ndipo iye anabwerera m'chipatala osakadya.

Sabata yomweyo kampani inawachotsa ntchito amuna anga n'kutipatsa chikalata cha ulendo chobwerera kwathu. Anakwera lole atagona pa matumba, mutu uli pamiyendo panga. Titafika, mwana ndinakamusiya kwa amayi anga kutsidya kwa kamtsinje, ine n'kukhala kwa alamu anga kudwazika anthu awiri. M'mawa ndinkawayalira mphasa ziwiri pakhonde kuti aothere dzuwa, mlongo uku mlongo uko, akulandizana chifuwa ndi kukumbutsana za ubwana wawo. Zimene ndinamva pansi pa msau sindinawauze. Ndinkati munthu wofatsa ngati uyu azipita osadziwa kuti dzanja lake lomwe ndi limene linagawa.

Amene anandikakamiza kulankhula ndi amayi a m'mudzimo, omwe aja a nthungululu. Anayamba kunong'onezana kumadzi kuti mankhwala amene anadzutsa anthu awiri sangangoleka okha kugwira, pali amene anawapondereza, ndipo amene ankawanyamula m'chiuno ndi mkazi uja. Ndikafika pachitsime nkhani inkaduka. Zinafika m'makutu a amuna anga, ndipo m'mawa wina, alamu anga atawatengera kuseri kukasamba, anandifunsa mwaulemu wawo uja ngati pali chimene ndikudziwa.

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, mmene enferimeru anandiuzira, za tofewa, za togona ndi za tolimba. Anamvetsera maso ali kuphiri. Sanafunse kuti ndibwereze paliponse. Nawonso anamva ulendo umodzi, munthu wa m'mizere amene ankati sangamve. Kenako, mpweya ukulira m'chifuwa, anati:

"Ndiye kuti akanatiuza, mmodzi akanachira."

Ndinati inde, mmodzi akanachira. Ndinkadikira kuti atukwane dotolo, kapena enferimeru, kapena kampani, kuti kamodzi kokha m'moyo wawo akwiye pamodzi ndi ine. Koma iwo anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndikanampatsa onse iyeyo."

Ndinamva ngati andithira madzi otentha. Ndinawafunsa kuti nanga ine, nanga mwana uja ali kutsidya amene akulira bambo ake tsiku lililonse. Ananditembenukira ndi nkhope yodabwa, ngati ndafunsa chinthu chimene mwana aliyense amachidziwa.

"Inu muli nawo achimwene anu. Uyu ali ndi ine ndekha."

Ndinadzuka n'kukalowa m'munda. Ndinalima mpaka manja anatuluka matuza, ndikutukwana mzungu, ndikutukwana Mnyungwe uja, ndikutukwana mwambo umene ine ndemwe ndinkauimira kumbuyo, ndipo koposa onse ndikutukwana munthu wabwino uja anagona pakhonde, chifukwa ndinkadziwa kuti sananame, ndiponso kuti akanandituma ndikanawanyamula mapiritsi onsewo. Madzulo ake amuna anga anaitanitsa akuluakulu a mbumba yawo n'kuwauza, mawu akudukaduka, kuti aliyense wonena mkazi wawo akunena iwo. Ndinamva ndili kuseri kwa nkhokwe, koma sindinatuluke kukathokoza. Phala ndinkawapatsa, kuwasambitsa ndinkawasambitsa, koma masiku awiri athunthu sindinawalankhule. Sindinkadziwa kuti atsala ndi masiku khumi okha.

Alamu anga anawatsatira mwezi usanathe. Titameta maliro achiwiriwo, achimwene anga anaoloka kamtsinje kudzanditenga, monga momwe amuna anga ananenera.